Grinder ya waya, ya pa jenereta kapena ya batire: ikusiyirani zala khumi ndi iti?

Magetsi atathima tsiku limenelo tinangoti basi, tidye kaye. Mnyamata yemwe ndinkamuphunzitsa ntchito anali pakati podula chitsulo cha geti, ndipo grinder itangosiya kulira anaigoneka pa tebulo n'kubwera kudzasamba m'manja. Za swichi palibe anaganizako. Nsima ili pakati, magetsi anayaka. Chinthu chija chinadzuka chokha, n'kuphiriphitha pa tebulo ngati nkhuku yozingidwa kumene, chinagwa pansi, disiki n'kusweka. Chidutswa china chinaboola lata la kukhoma, chitadutsa pamalo pomwe ine ndimaima tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo, anzanga owotcherera kapena akalipentala akandifunsa kuti agule makina ati, sindiyambira pa dzina la kampani. Ndimafunsa kaye kuti moto wa makinawo uzichokera kuti. Njira zilipo zitatu, pa soketi, pa jenereta ndi pa batire, ndipo iliyonse ili ndi kavulazidwe kake.

Ya waya, yolowetsa pa soketi

Iyi ndiyo ambiri tili nayo, ndipo n'zomveka. Ndiyotsika mtengo, sitopa, ndipo ikafa amisiri a pa msika amadziwa kusintha mabulashi ake, timakala topereka moto m'kati mwa mota. Grinder yaikulu ya disiki ya mamilimita 230, ija imadya mawati 2,000 kapena kuposa, imagwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo osafooka. Wopanga mafelemu a mawindo ndi mageti sangaisinthanitse ndi china.

Koma magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo mavoti onsewo amakhala m'chinthu chomwe mwachifumbata ndi manja a thukuta, mutaponda simenti yonyowa ndi patapata. Vuto limayambira pa pulagi. Masoketi athu ndi a mapini atatu amakona, ofanana ndi a ku Britain. Makina obwera ndi abale ochokera ku Joni amafika ndi pulagi ya mapini atatu obulungira, ena amafika ndi mapini awiri okha. Ndiye mmisiri amadula pulagi ija, kusenda mawaya, kuwalowetsa mu soketi n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi. Tonse tinazionapo, enafe tinachitapo. Waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu, timangoupindira pambali poti makina akulirabe popanda iwo.

Waya umenewo ndi earth, ndipo ntchito yake imaoneka tsiku limodzi lokha, tsiku lomwe waya wa moto wanyuka m'kati n'kukhudza thupi lachitsulo la makina. Earth ikakhalapo, moto umathamangira pansi kudzera m'waya umenewo, fyuzi n'kuphulika. Ikakhala palibe, msewu wopita pansi ndinu. Pulagi yatsopano ndi yotchipa kuposa disiki ziwiri, ndipo kumanga kwake n'kosavuta: wa bulawuni ndiwo wa moto ndipo umapita kumbali ya fyuzi, wabuluu kumbali inayo, wobiriwira ndi chikasu ku pini yaitali ya pamwamba. Pa zingwe zakale wa moto ndi wofiira, mnzake wakuda.

Pali makina ena omwe earth alibe mwadala. Yang'anani pa chizindikiro chomwe palembedwa mavoti ndi mawati: mukaona kabokosi m'kati mwa kabokosi kena, ndiye kuti zonse za moto zakutidwa kawiri, ndipo chingwe chake chili ndi mawaya awiri okha. Madrill ndi magrinder ambiri a masiku ano ndi otere. Kwa ife ogwira m'mashedi momwe mawaya anakokedwa kuchokera kunyumba ya lanilodi, ndipo palibe akudziwa ngati earth inafikadi pansi, makina a kabokosi kawiri ndi abwino kuposa a thupi lachitsulo. Kungoti chitetezo chake chimatha pulasitiki ikang'aluka kapena madzi akalowa. Ngakhale fumbi lachitsulo lomwe grinder imameza tsiku ndi tsiku likaunjikana m'kati limatha kupanga mlatho wa moto, n'chifukwa chake ndimauzira timabowo ta mpweya Loweruka lililonse.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mudekhe. Ambiri timakhulupirira kuti fyuzi kapena breaker ya pa bolodi imateteza munthu. Imateteza waya kuti usapse, osati inu. Fyuzi ya mu pulagi imakhala ya maampu 13, omwe ndi mamiliampu 13,000. Munthu akagwidwa nyesi ndi mamiliampu ongopitirira 10, dzanja limafumbata lokha osatha kutaya chomwe wagwira, ndipo makumi angapo okha akadutsa pachifuwa mtima umasokonekera. Mutha kufa fyuzi isanamve n'kutentha komwe.

Chomwe chimayang'anira munthu ndi RCD, yomwe ku Joni amangoti earth leakage. Imawerenga moto wotuluka ndi wobwerera, ndipo ikaona kuti pasowa mamiliampu 30 imadziwa kuti moto ukudutsira kwina, mwina mwa inu, n'kudula sekondi isanakwane. Ilipo yomangira pa bolodi, ilipo yaing'ono yolowetsa pa soketi kenako makina pamwamba pake. Yaing'onoyo ndiyo ndimayenda nayo m'chikwama popita kukagwira kunyumba za anthu. Ili ndi batani loyesera, ndipo ndimalidina ndisanayambe ntchito. Mitundu ina ya zazing'onozi imadzizimitsa magetsi akathima, ndipo siyakanso mpaka mutadina nokha. Tikanakhala nayo tsiku la nsima lija, grinder ikanagona pomwe inagonapo. Pogula funsani za chimenechi, chifukwa si zonse zili choncho.

RCD ili ndi malire. Mukagwira waya wa moto ndi wobwerera pamodzi, iyo siona kusiyana. Shoko mumaimvabe isanadule, moti muli pa makwerero mutha kugwa. Ndipo ikamadula pafupipafupi musaichotse kuti ikuvuta, ikukuuzani kuti penapake moto ukudontha, nthawi zambiri pa chingwe.

Zingwe zathu! Waya wa sipika wolumikizidwa malo anayi, pamfundo pamangidwa jumbo, ukudutsa m'matope kupita kwa neba. Waya wopyapyala umatentha, ndipo ukatalika mphamvu imafika yochepa, mota n'kumapsa pang'onopang'ono. Wa 1.5 mm² ndiwo wochepetsetsa pa makina wamba, ndipo pa grinder yaikulu kapena pa mtunda wautali tengani wa 2.5. Chingwe chokulunga pa gudumu chimasuleni chonse, ngakhale mukugwira pafupi. Chikakhala chokulunga kutentha sikutuluka, ndipo chimasungunukira m'kati momwe simukuona.

Pa swichi mitundu ilipo iwiri. Ina mumakankha n'kukhala yokha, ina imafuna dzanja lipanikize nthawi yonse, mukataya makina azima. Yoyambayo imapumitsa chala, yachiwiriyo ndiyo yoyenera dziko lomwe magetsi amapita osatsanzika n'kubwera osaodira. Ngati yanu ndi yokhala yokha, lamulo la pa shedi likhale lakuti magetsi akathima, woyamba kudzuka azule mapulagi onse.

Ya pa jenereta

Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, amisiri ambiri anagula majenereta kuti ntchito isaime. Ena amaganiza kuti moto wa jenereta ndi wofatsa. Ndi mavoti omwewo, ndipo zonse ndanena pamwambapa zikadalipo. Jenereta imangoonjezera zake.

Kajenereta kakang'ono kosakaniza petulo ndi oyilo, kosafika ngakhale mawati 1,000, n'ka mababu ndi TV. Mota ya makina ikamadzuka imakoka moto wochuluka kuposa womwe walembedwa, ndiye jenereta yaing'ono imabanika, disiki imazungulira mofooka, mmisiri n'kuyamba kukanikiza ndi mphamvu kuti idule. Kukanikizako ndi komwe kumapanitsa disiki m'chitsulo. Ine ndimafuna jenereta ikhale ndi mphamvu pafupifupi kawiri kuposa makina aakulu omwe ndilumikizepo.

Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha. Poopa akuba timailowetsa m'shedi kapena m'kontena n'kutseka chitseko, kenaka mutu ukamawawa timati ndi malungo. Ikhale panja, kutali ndi zenera, muimange ndi tcheni ngati nkhawa ndi akuba. Chigubu cha petulo chisakhale mbali yomwe nthethe za grinder zikulowera, chifukwa zimauluka mamita angapo, ndipo pothira mafuta zimitsani kaye injini izizire.

Chomwe sindikhululuka ndi chingwe cha mapulagi awiri, uku ku jenereta uku ku soketi ya m'nyumba. Mapini a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto ali pamtunda. Choipa kwambiri, moto umabwerera m'mawaya a panja, thiransifoma n'kuukweza, ndipo munthu yemwe wakwera pa polo poganiza kuti layini ndi yozima amafera ntchito yanu ya geti. Jenereta yolowa m'nyumba imafuna swichi yosinthira, yomangidwa ndi wa zamagetsi yemwe ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Kanthu kena komwe ambiri sadziwa: pa majenereta ang'onoang'ono ambiri RCD siigwira monga imagwirira pa magetsi a m'nyumba, chifukwa cha momwe mawaya ake anamangidwira m'kati. Batani loyesera litha kudula bwinobwino, koma limangoyesa RCD yokha, osati njira yonse. Pa jenereta yotere gwiritsani makina a kabokosi kawiri, amodzi pa nthawi, pa chingwe chopanda bala.

Ya batire

Pa nkhani ya shoko iyi yapambana popanda mkangano. Mabatire ambiri ndi a mavoti 18. Ena amalemba 20V, koma ndi chinthu chimodzi: timabatire tisanu totsatizana m'kati, ena amawerenga titangodzaza, ena tili pa ntchito. Mavoti amenewo sangakupheni. Palibe chingwe choti mudule ndi disiki, palibe chokukolani mwendo muli pa denga. Wokhoma malata, womanga siling'i, wogwira panja nthawi ya dzinja kapena kumudzi komwe mapolo sanafike, drill ya batire ndiyo yake. Pa drill ndi pa zomangira masikuluwu sindibwereranso ku waya.

Pa grinder nkhani ndi ina. Kudula chitsulo chokhuthala kumamwa batire m'mphindi zowerengeka, moti mumafuna awiri kapena atatu osinthana, ndipo mtengo wa batire limodzi labwino umatha kuposa wa grinder ya waya yathunthu. Batire la Makita sililowa pa DeWalt, la Bosch sililowa pa Ingco, choncho mukagula makina oyamba mwakwatira banja lonse. Ubwino wake ndi wakuti zambiri zatsopano zili ndi buleki yoimitsa disiki msanga, ndipo zina zimadzizimitsa disiki ikapanika.

Ngozi ya makina a batire ndi kufatsa kwake. A waya mukazula pulagi mwathana nawo, ndipo diso limaona kuti chingwe chili pansi. A batire amakhala ndi moto nthawi zonse, ali phee pa tebulo, mwana wa neba atha kuwanyamula n'kudina. Posintha disiki, mpeni wa sowo kapena msomali wa drill, chotsani batire muliike m'thumba. Musaliponye m'chikwama momwe muli misomali, chifukwa msomali umodzi ukalumikiza timano take moto umabuka. Lotupa, logwa n'kung'aluka kapena lotentha lisanagwire ntchito, lisiyeni. Mabatire achinyengo okhala ndi dzina la kampani yotchuka koma otchipa modabwitsa nthawi zambiri alibe chitetezo chokwanira m'kati, ndipo moto wa mabatire a lithium amenewa suzima ndi kapu ya madzi. Kutchaja kuchitike pamthunzi, pa simenti, inu muli maso, osati usiku pafupi ndi matiresi, osatinso pansi pa malata mu Okutobala.

Mwa njira, samalani ndi makina a kaunjika. Mukaona a pulagi yachikasu yobulungira, ndi a mavoti 110 a pa malo omanga ku Britain, komwe amagwiritsa thiransifoma yachikasu yomwe imachititsa kuti munthu akagwidwa amve mavoti 55 okha. Ndi nzeru yabwino, koma popanda thiransifoma yake makinawo akalowa pa soketi yathu amapsa. Chimodzimodzi a ku Japan a mavoti 100 ndi a ku America a 120.

Chomwe njira zitatuzi sizisintha

Kunena zoona, mwa anzanga omwe ali ndi zipsera, ogwidwa nyesi ndi ochepa. Ambiri anadyedwa ndi disiki, ndipo disiki siifunsa kuti moto wachokera kuti. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, ndipo disiki yake imalembedwa malire a 13,300. Yaikulu ya 230 imazungulira pafupifupi ka 6,500, disiki yake malire ndi cha m'ma 6,600. Pa malire amenewo m'mphepete mwa disiki mumathamanga mamita 80 pa sekondi, omwe ndi makilomita 288 pa ola. Ndiye taganizani mmisiri wachotsa gadi, chitsulo chija chimaphimba theka la disiki, kuti disiki yaikulu ikwane pa makina aang'ono. Wachotsa chishango, ndipo disikiyo akuithamangitsa kuposa pomwe inayesedwa. Ngakhale yaikulu yomwe yadyeka mpaka kuchepa siyenera kusamukira pa makina aang'ono, ngakhale tonse timakopeka kutero pofuna kupulumutsa ndalama.

Disiki imakalambanso ili pa shelefu. Pa kamphete kachitsulo ka pakati pamadindidwa mwezi ndi chaka chomwe ithere ntchito, kawirikawiri zaka zitatu chiipangireni, poti guluu womanga mchenga wake amafooka, makamaka pachinyontho. Werengani kamphete kameneko musanapereke ndalama. Yopyapyala ndi yodulira basi, mukaigoneka cham'mbali kuti musalazire imathyoka. Yosalazira ndi yokhuthala, pafupifupi mamilimita 6. Yatsopano iliyonse iyambe yazungulira yokha kanthawi, nkhope yanu ili kumbali.

Choopsa kuposa zonse ndi mpeni wa mano wa sowo womangidwa pa grinder kuti udule matabwa. Dzino limodzi likakola pa mfundo kapena pa msomali, makina onse amadumphira kwa mwini wake, ndipo palibe dzanja lomwe lingawagwire. Matabwa ali ndi sowo yake yozungulira, yokhala ndi thabwa lachitsulo lotsamira ndi gadi yobwerera yokha, bola musaipanikize ndi msomali kuti ikhale yotsegula. Wodula mapaipi ndi ma tube tsiku lonse aganizire za sowo ya pa tebulo ya disiki ya mamilimita 355, yomwe imapana chitsulo yokha, manja ali kutali. Ndipo ngati n'kudula kawiri kokha, sowo ya manja siinaphe munthu. Kupondera chitsulo ndi phazi uku mukudula ndi dzanja limodzi kusiyeni, vayisi kapena kalampu ndiyo ntchito yake.

Maso, mapapo, makutu

Magalasi a dzuwa a pa msika amatchinga kuwala, osati chitsulo, ndipo akasweka amaonjezera zolowa m'diso. Oyenera ndi a pulasitiki yolimba ya polycarbonate, otchinga ndi m'mbali momwe. Podula ndi grinder onjezani chophimba nkhope yonse pamwamba pake, chifukwa chidutswa cha disiki sichisankha diso, chimang'ambanso tsaya ndi khosi. Kachitsulo kakalowa m'diso musalole mnzanu akatokose ndi machesi kapena ngodya ya mpango. Kamachita dzimbiri m'diso momwemo pakangopita maola, choncho phimbani diso mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Fumbi ndilo timalipeputsa poti silituluka magazi. Lodula matayilosi, konkire, njerwa ndi miyala lili ndi silica, fumbi losalala la mchenga ndi miyala, yemweyo anawononga mapapo a agogo athu omwe anapita ku migodi ya golide ku Joni pa Wenela ndi TEBA. Matenda ake sachira, ndipo amatsegulira khomo TB. Mpaka lero Tshiamiso Trust, thumba la chipukuta misozi lomwe linabadwa pa mgwirizano wa marandi 5 biliyoni ndi makampani a migodi, ikulipira odwala otere. Wodula matayilosi pa khonde la bwana alibe trust yomudikira. Kansalu kapena masiki ya nsalu sizigwira fumbi losalala chotere, pamafunika masiki yolembedwa FFP2 kapena N95 yomata bwino pamphuno. Kudula ndi madzi kumagwetsa fumbi kwambiri, koma pa makina opangidwira madzi, ali pa RCD. Kuthira madzi a m'botolo pa grinder wamba ya waya ndi kuthawa mvula n'kugwera m'chitsime.

Makutu amayamba kuwonongeka phokoso likamapitirira madesibelo 85 tsiku lonse, ndipo grinder pa chitsulo imapitirira pamenepo kutali. Kulira kwa nkhululu m'khutu mukaweruka ndi chenjezo. Timapulagi ta m'makutu ndi totchipa.

Magolovesi achikopa ndi abwino pogwira grinder ndi zitsulo zakuthwa, koma pa drill ya pa tebulo kapena pa mwala wonolera ndi msampha, nsalu ikakola imakokera dzanja lonse. Malaya olendewera, chitenje, mkanda ndi zingwe za juzi, chimodzimodzi.

Ndiye mugule iti?

Wowotcherera wa pa shedi m'tauni: ya waya, ya kabokosi kawiri, swichi yopanikiza, ndipo RCD igulidwe tsiku lomwelo ngakhale zitanthauze kutenga grinder ya dzina locheperapo. Ndingasankhe makina otchipa ali ndi gadi, pulagi ndi RCD kusiyana ndi odula ali pa machesi. Kalipentala wa madenga ndi aliyense wogwira pamwamba: drill ya batire, mabatire awiri enieni. Jenereta ndi ya yemwe ntchito yake ndi yolemera ndipo magetsi kulibe kapena sadalirika, ndipo ali ndi bwalo loiikapo panja.

Mnzanu akagwidwa nyesi muli pompo, musamugwire ndi manja, mugwidwa awiri. Zulani pulagi kapena gwetsani swichi yaikulu, zikakanika mukankheni ndi thabwa louma inu mutaponda pouma. Akadzuka n'kunena kuti ali bwino, mupititsenibe kuchipatala akamuone mtima. Aliyense wa pa shedi, mpaka mnyamata wobwera dzulo, adziwe pomwe pali swichi yaikuluyo, ndipo patsogolo pake pasaunjikidwe zitsulo.